Munati Ndi Chiwawu

Amayi, kwacha bwanji kumene muliko?

Kuno kwacha, tilipo. Ndine Selina, mwana wanu wa pawindo la mankhwala, uja munkati ndi wailesi yopanda pozimitsira. Masiku ano wailesiyo ili zii. Ndikatseka windo ndimabwerera m'kachipinda kanga kuseri kwa chipatala, n'kumamvera magalimoto akuluakulu akulira mumsewu wa ku Cassacatiza, ndipo masiku ena dzuwa limalowa ndisanalankhule mawu ena kuposa akuti "awiri m'mawa, limodzi madzulo".

Loweruka ndiye tsiku loipa. Miyendo yanga inazolowera kuti likafika ipalase njinga kubwera kwanu, moti mpaka lero ndimadzidzimuka m'mamawa n'kuyamba kufunafuna mpango. Kumudziko ndimapitabe, koma ndikatulukira pa mtengo wa muwanga uja palibe wondikuwira kuti ndaonda. Papita chaka ndi miyezi iwiri chichokereni inu, ndipo palibe amene wandiuzapo zimenezi, chonsecho masiketi onse ndawabweza m'chiuno. Ndimakusowani, Amayi.

Nkhani za kumudzi ndi izi. Denga la nyumba yanu linayamba kudontha ndipo amalume a Fabiyano anafolera okha, ngakhale bondo likuwavutabe. Mbuzi yanu yamakani ija inaswa ana awiri, onse atengera mayi wawo, samva za munthu. Chimanga cha chaka chatha chinakanika, mvula inadula chikumasula kumene, koma cha chaka chino chabereka ndithu ndipo akukolola. Mtedza sitinadzale n'komwe, mbewu tinalibe chiyambire matenda a kadukutu aja anatipsereza munda wonse. Marita anachira mu Seputembala, mwana wamkazi, ndipo tinamupatsa dzina lanu. Nasitaziya wamng'onoyu ali ndi tsinya lanu lenileni. Amalume amamupatsa moni atavula chipewa, amati sangadutse mlongo wawo osamulonjera.

Koma chimene ndakhalira pansi kulemba ndi Marita yemweyo, mzime wanu. Tikanamutaya, Amayi. Chifuwa chachikulu chimene chinakugwirani chinamugwiranso iye, paja ndiye ankagona nanu m'chipinda. Anayamba mapiritsi omwe aja, ndipo ndinamupatsa ndine, pawindo lomwe lija. Chifuwa chinayamba kumvera. Ndiye mu Febuluwale, nkhokwe zitapepuka, ndiwo zili nkhwani lero, nkhwani mawa, kunja kwa manja ake kunayamba kuda ngati wapsa ndi madzi otentha. Kenako khosi lonse linazungulira chilonda chakuda ngati mkanda. M'mimba munatseguka osaleka. Tsiku lina ndinamupeza atakhala pakhonde, mwana akulira pamphasa pambali pake, iye n'kundifunsa kuti mwana ameneyu ndi wa yani.

Mukudziwa chimene ndinaona. Ndinaona inu. Manja omwewo, khosi lomwelo, m'mimba momwemo, ndi maso aja oyang'ana munthu ngati mlendo. Amalume anati ndinu mukuitana mwana wanu, pafunika nsembe. Alamu anga a Zakariya anati mapiritsi anga ndi amene anakuphani, Marita awasiye, amutengera kwa sing'anga wina kutsidya kwa malire. Ine ndinkadziwa kuti akawasiya, chifuwa chibwerera cholusa kuposa poyamba. Koma akapitiriza, ndinkaopanso, pakuti inu munawamwa mokhulupirika mpaka kumapeto. A Zakariya anandipatsa masabata awiri, anati akatha amenewo asandionenso ndi mapiritsi pakhomopo.

Pali chinthu chimene sindinauzepo munthu, ngakhale Marita. Inu mukuchidziwa, paja munalipo. Loweruka lina mukudwala munatambasula manja anu padzuwa, munawayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Selina, ichi ndi chiwawu. Ndinachionapo ku kampu ku Malawi. Undipezere mtedza." Ine ndinaseka. Ndinati chiwawu ndi cha masamba a chimanga ndi matimati, Amayi, kodi inu mwasanduka munda? Ndinakudzolani mafuta, ndinakusungunulirani madzi a mchere ndi shuga, n'kuganiza kuti mtedzawo ndi nkhuli chabe ya munthu wodwala. Loweruka lotsatira ndinaiwala. Linalo ndinaiwalanso. Lachitatu lake munanditchula dzina la malemu akulu anu, ndipo simunandizindikirenso.

Maliro anu atatha ndinalembetsa maphunziro a patali, ophunzira pa komputadori. Anthu anati ndikufuna kukwera, koma zoona zake ndinkathawa chipinda chija, chinali chete kwambiri. Phunziro limodzi ndi la kafufuzidwe ka zolemba za madokotala. Ndikufotokozereni, poti inu munkakonda kufunsa kuti kusukuluko amakuphunzitsani chiyani chimene ine sindichidziwa. Madokotala a dziko lonse akaona matenda amalemba, ndipo zolembazo zimasungidwa m'nkhokwe imodzi yaikulu imene munthu amaitsegula ali pomwe ali. Nkhokweyo ilibe mlonda woti umufotokozere vuto lako. Umalemba mawu, iyo imakupatsa zolemba zokhazo zimene muli mawu amenewo. Ukafunsa mopusa imakuyankha mopusa, ndipo siichita nawe manyazi.

Amatiphunzitsa ndi a Dona Ameliya, mayi wosunga mabuku ku Tete, amene sindinawaonepo nkhope, ndimangowamva mawu pa telefoni. Iwo anati ntchito yonse yagona pa mawu atatu. Amalembedwa m'Chingerezi, koma ndikuuzani m'chathu: KAPENA, NDI, KUPATULA. Ukalemba KAPENA pakati pa mawu, nkhokwe imakupatsa zonse zimene muli lina lililonse la mawuwo, mulu umakula. Ukalemba NDI, imakupatsa zokhazo zimene muli onse awiri, mulu umachepa. KUPATULA amataya. Palinso kanyenyezi kamene umaika pa tsinde la liwu kuti kagwire nthambi zake zonse. M'chathu ukalemba "lim" ndi kanyenyezi, kakubweretsera lima, limani, limitsa, onse pamodzi.

China chimene chikanakusangalatsani ndi ichi. Matenda amodzi amakhala ndi maina ambiri, dziko lililonse ndi lake, dokotala aliyense ndi kalembedwe kake. Ndiye osunga nkhokweyo anapatsa matenda aliwonse dzina limodzi lalikulu, n'kumalimata pa cholembedwa chilichonse chokamba za matendawo. Zili ngati mfunda. Ena ankakutchulani Nasitaziya, ena amake Selina, koma pamaliro anu aliyense anati tataya Nabanda. Ukadziwa mfunda wa matenda, abale ake onse amatuluka okha. Vuto langa linali lakuti mfundawo sindinkaudziwa.

Masabata awiri aja ndinkatseka windo, n'kunyamula komputadori kupita pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya azamba, pamene redi, netiweki ya telefoni, imagwirako bwino. Tsiku loyamba ndinalemba liwu lanu, chiwawu. Sindikudziwa chifukwa chake, mwina ndinkafuna kuti nkhokweyo ikutsutseni kuti mtima wanga ukhale pansi. Sipanatuluke kanthu ngakhale kamodzi. Ndinafufuza Chingerezi chake mu dikishonale ya pa telefoni n'kulemba chimenecho. Apo ndiye panatuluka zolemba zikwizikwi, zonse za masamba a chimanga, mbatata ndi matimati. Ndinati si izi ndinkawauza Amayi. Pofuna kuchotsa munda wonsewo pamaso panga, ndinawonjezera mzere wina wakuti KUPATULA chimanga. Ndinauzanso nkhokweyo kuti indipatse za zaka zisanu zapitazi zokha, za maiko athu ano, poti zakale ndinkaziona ngati zotha ntchito.

Kenako ndinasiya liwu lanu n'kuyamba kumanga funso mmene anatiphunzitsira, chipupa ndi chipupa. Mzere wa khungu, ndi mawu ake onse olumikizidwa ndi KAPENA. Mzere wa kutsekula m'mimba. Mzere wa kusokonekera mutu. Ndinawalumikiza ndi NDI, ndinaika tinyenyezi pamalo pake, ndinadziona ngati katswiri. Koma mzere wa chimanga uja ndinkangoukokera pa funso lililonse osauyang'ananso. Zimene zinkatuluka zinali za matenda ena amene Marita anayezedwa kale n'kupezeka alibe. Masiku asanu ndi atatu anapita choncho. Loweruka la pakati ndinamupeza akukana kuyamwitsa, akuti mwana wa eni ake angamuimbe mlandu. A Zakariya anali atayamba kale kukonza matayala a njinga ya ulendo wa kwa sing'anga.

Safunsa anadya phula, paja munkatero. Ndinatumiza mizere yanga yonse kwa a Dona Ameliya, monga mmene inalili, yoyamba mpaka yomaliza. Anandiimbira Lachitatu masana. Anayamikira tinyenyezi tanga, kenako anafunsa kuti mzere wachitatuwo, wa KUPATULA chimanga uja, ukutani pamenepo. Ndinawafotokozera za munda uja. Anati KUPATULA ndi liwu loopsa, iwo amatha chaka osaligwiritsa ntchito, chifukwa cholembedwa chikangotchula chimanga kamodzi kokha, ngakhale chikhale chonena za munthu, chimatayidwa chonse ndipo wofufuza sadziwa n'komwe kuti chinalipo. Atatero anandifunsa kuti, "Nanga odwala akowo amadya chiyani?"

Yankho lake linali chimanga, liwu lomwe lija ndinkalitaya. Ndinakumbuka ndili wamng'ono, tikupalira, nditadula mapesi atatu pamodzi ndi udzu. Simunandimenye. Munangotola mapesiwo n'kunena kuti khasu lilibe maso, maso ndi a wolima. Masiku onse aja ndinkadula yankho ndi khasu langa lomwe, n'kumadandaula kuti m'mundamo mulibe kanthu.

Ndinachotsa mzerewo. Ndinachotsanso malire a zaka zisanu. M'malo mwake ndinaika NDI, ndi dzina lalikulu la mankhwala amodzi amene ali m'mapiritsi a chifuwa aja. Mulu unatsala wochepa, woti munthu n'kuuwerenga tsiku limodzi, ndipo pamitu yake pankangobwerera dzina limodzi, pelagira. Amayi, dzinali ndinaliphunzirapo. Linali masana amodzi ku sukulu ya zaumoyo, tsamba limodzi ndi chithunzi chosaoneka bwino, ndipo tinkaliona ngati matenda a nthawi ya nkhondo amene anatha kalekale. M'Chipwitikizi limalembedwa ndi "l" mmodzi, m'Chingerezi awiri, moti ndikanalilemba mmene tinaphunzirira, zambiri zikanandidutsanso. Ndinatenga mfunda wake, abale onse anatuluka.

Zolembazo zinkanena chinthu chimodzi. Thupi limasowa vitamini wina. M'chimanga alimo, koma womangika, thupi silimupeza bwino, ndipo mu ufa woyera ndiye amachepa kwambiri. Munthu amamupeza mu mtedza, nyemba, nsomba ndi mazira. Amene akudya chimanga chokhachokha amakhala kale pamphepete, ndipo mankhwala a chifuwa aja amatha kumukankhira mkati. Khungu limapsa pamene pamawomba dzuwa, m'mimba mumatseguka, mutu umasokonekera, kenako imfa. Mapiritsi a chifuwa sasiyidwa ayi. Amangowonjezera vitaminiyo ndi chakudya.

Ndikanalekera pomwepo, koma a Dona Ameliya anatiphunzitsanso kutsata mizu. Pansi pa cholembedwa chilichonse pamakhala mndandanda wa zolemba zakale zimene mwiniwake anawerenga, ndipo ukatsegula chimodzi mwa izo nachonso chimakulozera makolo ake. Ndinatsata choncho, chino chinabadwa kwa chiti, chinacho kwa chiti, mpaka ndinafika pa zolemba za m'makampu a anthu othawa nkhondo ku Malawi, zaka zomwe zija inu munali kumeneko ine ndisanabadwe. Analemba kuti matendawa anabuka kwambiri pamene mtedza unasiya kufika pa chakudya chogawa. Ndinawerenga mzere umenewo katatu. Simunkalota, sinali nkhuli. Munanditchulira matenda, munanditchuliranso mankhwala ake, muli pamphasa, osadziwa kulemba ngakhale dzina lanu. Ndinatseka komputadori n'kulira pansi pa mtengo uja masanasana, azamba akundiyang'ana pawindo.

M'mawa mwake ndinatengera zonse kwa a Bernardo, tekiniku wathu wamkulu woona odwala pachipatala pano. Anawerenga, anaimbira dokotala wa ku boma, ndipo anagwirizana kuti tiyambe msanga ndi mapiritsi a mavitamini amene tinali nawo, amphamvu ake akubwera pambuyo. Anandiuza kuti ndikatenge. Sindinayende mtunda, Amayi. Botolo lake limakhala pa shelufu yachiwiri, kumbuyo kwanga kwenikweni, ndipo Lachisanu lililonse ndimalipukuta fumbi. Linali pomwepo nthawi yonse imene inu munkadwala.

Ndinagula mtedza ndi kapenta kwa amayi ogulitsa pa malire, ndinapempha masiku a tchuthi kuntchito, n'kupalasa Lachisanu la sabata lomwelo. Ndinagwada pamaso pa amalume ndi a Zakariya n'kupempha masiku khumi ena. A Zakariya anati ndikasewera ndi moyo wa mkazi wawo sadzandikhululukira, ndipo sindinawaimbe mlandu. Amalume anati nsembe athirabe. Ndinati thirani, ufa wake ndisinja ndine. Choncho zonse zinayendera pamodzi, iwo kumtengo kwawo, ine ndi botolo langa ndi mtondo. Ndinkasinja mtedza n'kuthira m'phala, m'nkhwani, paliponse. Nasitaziya ndinkamubereka ine.

M'mimba munayamba kuleka patapita masiku atatu. Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndikusesa pabwalo, mwana ali kumbuyo, ndinamva munthu akundikoka nsalu. Anali Marita, ataima yekha. Anandiyang'ana ndi tsinya lanu lija n'kunena kuti, "Achemwali, mwana wanga mwamumanga bwanji chonchi? Mupatseni kuno." Anamumasula, anakhala pansi, anamuyamwitsa. Ine ndinapitiriza kusesa pamene ndinali nditasesa kale. Lero khungu lakale lasupuka, latsopano likubwera, ndipo mapiritsi a chifuwa amutsalira a masabata awiri okha. A Zakariya anandikonzera mabuleki a njinga osawapempha.

Amalume akuti mwaona, mayi anu analankhula. Sindinawatsutse. Angolakwitsa nthawi yokha, pakuti inu munalankhula muli moyo. A Bernardo akuti ndisadzizunze, munali wamkulu, chifuwa chinali chitakufooketsani, ndipo palibe angadziwe chimene chinakutengani. A Dona Ameliya nawonso anati nkhokwe ija imayankha za anthu ambiri, siyankha za munthu mmodzi. Mwina akunena zoona. Koma iwo sanamve mmene ndinasekera.

Ndikuululireni kupusa kwina. Tsiku lina ndinalemba dzina lanu m'nkhokwe ija, Nasitaziya NDI Nabanda. Sipanatuluke kanthu. Komabe m'zolemba za ku kampu zija muli manambala a amayi amene anawerengedwa, opanda maina, ndipo ndimawayang'ana n'kumadzifunsa ngati mmodzi wa iwo munali inu, kapena munali wowatungira madzi. Sindinakufunsenipo. Mukayamba za ku kampu ndinkati zakale zimenezo, n'kumayang'ana pa telefoni. Tsopano ndili ndi mafunso odzaza dengu, ndadziwanso kafunsidwe kake, koma woyankha palibe. Amalume anathawira ku Zambia, za kumeneko sazidziwa.

Pa ntchito yanga yomaliza maphunziro ndasankha kulemba za matendawa kuno kwathu, ndi maina amene anthu amawatchula. Liwu lanu ndaliika pamutu penipeni. Kaya idzalowa m'nkhokwe ija kaya ayi, koma ikadzalowa, mwana wa munthu wina akadzalemba chiwawu sadzapeza pali mbee ngati ine. Pawindo napo ndasintha. Aliyense wotenga mapiritsi a chifuwa ndimamuuza atambasule manja, ndimamuyang'ana khosi, n'kumufunsa ndiwo zimene wadya sabata imeneyo. Mzere umatalika, ena amadandaula, koma agogo ena a ku Nsadzo anandiuza dzina lina la matendawa ndipo ndinalilemba osaseka.

Mbewu ya mtedza ndapeza, ili m'chitini pansi pa bedi langa. Mvula yoyamba ikagwa ndidzadzala ndekha m'munda wanu wa pachulu uja, mizere yonse mpaka kumalire. Mtedza woyamba kukumbidwa sadzaulawa munthu, ngakhale Nasitaziya wamng'ono. Ndidzaukazinga pa phale lanu, wothira mchere pang'ono mmene munkaukondera, n'kubwera nawo pamene mwagonapo. Munandituma kalekale, Amayi. Ndachedwa, koma ndibwera nawo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
wailesi yanu ija,
Selina